Thumba la Mafitingi

Ndikatseka maso ndimalionabe thumba lija. Linali chiguduli chakale cha ufa, chodetsedwa ndi girisi, chomangidwa kukamwa ndi waya wofiira wamagetsi, ndipo ndikaliponya pamsana linkalira ngwengwerengwe ngati mbuzi ya belu. Unali mwezi wa Okutobala, chaka chija ndalama zinkasungunuka m'manja usanafike kugolosale, mgodi wa nikelo womwe ababa ankagwirako kunja kwa Bindura utangoima. Dzuwa linkawotcha malata mpaka kumalira okha, fumbi lotuwa lochokera paphiri la dothi la mgodi linkatilowa m'mano, ndipo maluwa a jakaranda ankaphulika pansi pa mapazi athu tikamathamangitsa mpira wa mapepala. Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri, wamiyendo yotuwa, wanjala nthawi zonse, komanso wodzikhulupirira kuti m'komboni monse munalibe mwana wochenjera ngati ine.

Masiku ano ndili ndi tebulo langa pamsika m'tauni, ndimagulitsa maloko, misomali, mababu ndi tizitsulo tina, ndipo liwu loti mafitingi ndimalimva m'mawa mpaka madzulo. Wamapaipi akati mafitingi ndiye kuti akufuna tizigongono tolumikizira mapaipi. Wamagetsi akunena masoketi ndi maswichi. Mayi amene akumanga nyumba ku Aerodrome akunena zogwirira zitseko zonyezimira zoti alamu ake akadzabwera adzaone. Ndi liwu lachingerezi lomwe tinalitola mumsewu n'kuliveka malaya athu, aliyense amalikokera kwake, ndipo ine ndimangovomera zonse, bola atulutse chikwama. Koma m'komboni ya mgodi momwe ndinakulira linali ndi tanthauzo limodzi basi. Chilichonse chomwe chinamamatira kunyumba, chomwe sungachichotse popanda sipanala, chinali mafitingi, ndipo mafitingi sanali ako, anali a kampani. Wailesi inali yathu, ayironi inali yathu, ketulo yathu, chifukwa zinali ndi pulagi yozula. Sitovu ya mapuleti awiri inali ya kampani chifukwa waya wake unkalowa m'khoma. Mpopi wa panja, loko wa chitseko, chogwirira babu, chivundikiro cha thanki ya kuchimbudzi, zonsezo tinkangozibwereka. Ndikalendewera pachogwirira chitseko amayi ankakuwa ali kuseri kwa nyumba, osandiona n'komwe, kuti iwe, mafitingi amenewo, ufuna abambo ako akakugulitse ku ofesi? Ndinakula ndikudziwa kuti m'nyumba mwathu munali zinthu zolemekezeka kuposa ine.

Mgodi utaima, anthu anayamba kuuzidwa kuti atuluke m'nyumba za kampani, mzere ndi mzere. Banja likamatuluka, kalaliki wa nyumba ankabwera ndi pepala lake, n'kumayenda chipinda ndi chipinda akugwiragwira mafitingi. Akapeza zonse zili m'malo ankadinda chidindo pakalata ya bamboyo, ndipo kalata imeneyo ndi imene inali moyo, chifukwa panali mawu oti mgodi ukadzatsegulidwanso adzaitana okhawo a kalata yodindidwa. Ababa, omwe anabadwira pafamu ya fodya kwa makolo ochokera ku Dedza ndipo analibe mudzi wothawirako m'dziko muno, ankainena kalatayo ngati munda. Koma panalibe nyumba ngakhale imodzi yomwe mafitingi ake anali athunthu. Zaka zonsezo ana ankathyola, dzimbiri linkadya, ndipo m'sitolo munalibe chogula. Ndiye komboni inapeza nzeru yake, ndipo nzeruyo inali thumba lija.

Mwini thumba anali a Mbewe, omwe ife ana tinkawatcha Sekuru Mbewe, kutanthauza agogo m'Chishona. Anali nkhalamba yowonda ya mwendo umodzi wouma, yomwe inagwira ntchito zaka zambiri ngati wothandizira azungu amapaipi, ndipo inkalankhula Chichewa chakale chosakaniza ndi Chilapalapa cha m'migodi, kumangoti aikona, kutanthauza ayi, pa chilichonse chosawakomera. M'thumbamo anasonkhanitsamo chimodzi cha chilichonse: puleti ya sitovu, soketi, loko, chogwirira babu, mpopi wamkuwa weniweni, ndi zikhomo zamtengo zomwe ankasema okha atakhala pakhonde. Tsiku la kalaliki likafika, banja lotulukalo linkabwereka thumba, n'kumanga chomwe chikusowa. Kalaliki akadinda ankanena mokweza kuti akupita kukamwa tiyi, adzatenga makiyi pakatha ola, ndipo m'ola limenelo zonse zinkamasulidwa kubwerera m'thumba, paipi yotsala yopanda mpopi n'kukhomedwa chikhomo. Ndikukhulupirira kalalikiyo ankaudziwa mpopi uja ngati m'bale wake, poti ankakumana nawo nyumba iliyonse, koma sananenepo kanthu. A Mbewe sankalipiritsa. Ankangoti chimene watenga ubweze, mawa kuli mnzako.

Tsiku lathu litafika, katundu anali atamangidwa kale m'mabulangeti, nyumba ikununkha sopo ndi polishi wofiira poti amayi anakana kusiyira kampani nyansi. Kwathu kunkasowa chinthu chimodzi chokha. Mpopi wathu wa panja unali utathyoka mutu kalekale, tinkautsegula ndi pulayazi, ndipo m'mawa umenewo ababa poumasula unatuluka zidutswa ziwiri. Madzi anali asanabwere, chifukwa nyengo imeneyo ankabwera dzuwa likakwera n'kupitanso masana. Ababa anandituma kuti ndikatenge thumba kwa a Mbewe, mizere itatu kumtunda, ndipo anandigwira khutu pondiuza kuti ndisaime paliponse.

Ndinaima. Pobwerera, pamthunzi wa mtengo wa mango kuseri kwa holo ya mowa, panali bambo wina wa ngolo yamanja yemwe ankazungulira makomboni kugula zitsulo zakale. Anamva kulira kwa thumba langa ngati mmene galu amamvera mbale. Anandiitana kuti mfana, tione, ndipo ine ndinamasula waya ndi mtima wongofuna kumuonetsa kuti ndanyamula zinthu za akuluakulu. Anapisa dzanja, n'kutulutsa mpopi uja, n'kuuponya m'mwamba kawiri. M'ngolo mwake, pansi pa chiguduli chonyowa, munali buledi, ndipo buledi m'nyumba mwathu tinali tisanamuone kuchokera nthawi yozizira. Munalinso mafiriziti, timadzi tozizira tija ta m'mapepala apulasitiki. Anati andipatsa firiziti imodzi. Apa ndi pomwe ndiyenera kunena zoona, chifukwa nthawi zambiri ndikamasimba nkhaniyi m'mutu mwanga ndimayika njala patsogolo. Sinali njala yokha. Chinandikoka ndi kukoma kwa kunenerera. Ndinali nditaonerera amayi pamsika akutembenuka ngati akuchoka kuti wogulitsa awaitanenso, ndiye nanenso ndinamulanda mpopi, kuuponya m'thumba, n'kuyenda mapazi asanu. Anandiitana. Anafika pa mafiriziti awiri, ndinaseka. Atatu, ndinapukusa mutu n'kuloza buledi. Anatukwana m'Chishona, n'kunena kuti ana a Manyasarandi, dzina lomwe ankatitcha ife a makolo obwera, mumabadwa ndi sikelo m'mimba, ndipo ine ndinamva ngati andiveka mendulo. Ndinachoka pamenepo ndi buledi wathunthu ndi mafiriziti atatu ofiira, ndikudziuza kuti m'thumba modzaza chonchi ndani angaone kuti mwachoka kanthu kamodzi. Sindinafunse n'komwe kuti ababa akufunamo chiyani. Ndinkadziwa, koma ndinasankha kuti ndisadziwe.

Buledi uja ndinamudyera kuseri kwa chulu, ndekha, mothamanga, nyerere zikundikwera m'miyendo. Ndinayamba ndi pakati pofewa, ndikulonjeza kuti theka ndipititsa kwa achemwali anga, kenako ndinaona kuti theka lingafunse mafunso, ndiye ndinamaliza. Sanakome ngati mmene ndinkaganizira. Anali wa dzana, wonunkha ngolo, ndipo ankakakamira kukhosi mpaka ndinamutsitsa ndi mafiriziti onse atatu.

Nditafika kunyumba ndinapeza a Mbewe afika kale, atatsimphina ulendo wonsewo ndi sipanala yawo yaikulu ya mapaipi kuti adzathandize kumanga. Ababa anakhuthula thumba pansi. Puleti inagubuduka, loko anagwa, zikhomo zinabalalika. Anafufuza ndi phazi, anagwedeza chiguduli mozondotsa, n'kuyang'ana kumsewu komwe kalaliki anali ataonekera kale pamzere wa kumunsi. Sindinawaonepo ababa nkhope itatuwa choncho. Anafunsa kuti madala, mpopi uli kuti, ndipo mawu awo anatuluka ang'onoang'ono ngati a mwana. A Mbewe sanayang'ane thumba. Anayang'ana ine, pakamwa penipeni, ndipo m'pamene ndinakumbukira kuti firiziti yofiira imasiya milomo ngati ya mkazi wa paukwati.

"Aikona, a Banda, ukalambawu," anatero kwa ababa. "Ndausiya kunyumba. Ndibwerekeni mnyamatayu akandinyamulire sipanala."

Tinayenda awiri, iwo akukoka mwendo, ine ndikukoka sipanala. Titapitirira mzere woyamba anandifunsa osatembenuka.

"Wakupatsa chiyani?"

"Buledi, Sekuru."

"Mmodzi?"

"Ndi mafiriziti atatu."

"Wakubera. Mkuwa uja ndi wa buledi anayi."

Anapitiriza kukoka mwendo wawo. Ndikanakonda akanandimenya ndi sipanala ija.

Kunyumba kwawo kunalibe mpopi wina woiwalika, kunali wawo wa pakhoma, womwe ankaupukuta ndi phulusa mpaka kumawala. Ndipo ngati kuti tsikulo linkafuna mboni, madzi anali atangobwera. Potsekera madzi a mzere wonse panali patachita dzimbiri zaka zapitazo, ndiye anaumasula choncho madzi ali m'paipi. Utangochoka, madzi anathovoka ngati paipi ya ozimitsa moto, kuwamenya pachifuwa, kuwagwetsera chipewa m'matope. Amayi a mzere wonse anathamanga ndi zidebe akukuwa kuti madala apenga, akutaya madzi a tonse, ana anavula malaya n'kuyamba kuvina m'chithaphwi. Iwo anandipatsa chikhomo chimodzi mwa zomwe ankasemera nyumba zosiyidwa, n'kundiuza kuti gwira apa, usasunthe. Ndinagwira chikhomo pakamwa pa paipi, madzi akundilowa m'mphuno, iwo akukhoma ndi mwala, ndipo ndinathokoza madziwo chifukwa palibe amene akanasiyanitsa ndi zomwe zinkatuluka m'maso mwanga. Anasambitsanso milomo yanga, moti pobwerera kunyumba umboni unali utapita.

Kalaliki anapeza mpopi uli pakhoma pathu, wonyowa, wowala. Anautsegula, anautseka, anawayang'ana a Mbewe omwe madzi ankadontha m'buluku, n'kudinda. Ababa anaipinda kalata ija kanayi n'kuiyika m'thumba la pamtima. Atapita kukamwa tiyi wake, mpopi unamasulidwa, ndipo ine ndinkayembekeza kuti a Mbewe aunyamula kubwerera nawo kwawo. Anauponya m'thumba la mafitingi. Mawa lake kunkatuluka mayi wina wamasiye wa ana anayi yemwe mwana wake wamkulu ankagwira pansi pamgodi, mkuja banja lina, ndipo thumba lopanda mpopi silikanathandiza aliyense.

Ife tinasamukira m'chipinda chimodzi chalendi m'tauni, koma ine ndinapitiriza kuyenda wapansi kupita kusukulu ya kumgodi mpaka temu itatha. Njira yachidule inkadutsa pakhomo pa a Mbewe. Sabata yoyamba ndinadutsa, n'kuwaona akuchokera kwa aneba ndi chidebe, akuyenda pang'ono n'kutula, madzi akutayikira pamwendo wouma uja, chikhomo chili pakhoma pawo chitada ndi chinyezi. Anandiona, anakweza dzanja n'kufunsa kuti abambo ako adzuka bwanji. Kuyambira tsiku limenelo ndinayamba kuzungulira kuseri kwa phiri la dothi, njira yotalika kawiri, ya minga ndi fumbi, nsapato zikupsa. Wangolo uja ndinamusaka masiku angapo nditanyamula mabulo anga onse ndi lamba wa yunifolomu, koma nditamupeza anandiseka n'kunena kuti mkuwa sugona m'ngolo, unapita ku Harare tsiku lomwelo. Sindinawatungire a Mbewe madzi ngakhale chidebe chimodzi. Ndimafuna nditanena kuti ndinatero, koma manyazi anga anali a mtundu wothawa, osati wothandiza.

Mvula itayamba, mizere inali itatsala mabwinja, udzu ukumera m'makhonde, ndipo dzina la a Mbewe linafika pomaliza. Anatulutsa mpopi wawo m'thumba kuti aubwezere pamalo pake. Koma chikhomo chija, chitamwa madzi miyezi iwiri, chinali chitafufuma n'kung'amba kukamwa kwa paipi, ndipo mpopi sunagwirenso. Paipi munalibe m'thumba. Tsikulo kalaliki anabwera ndi bwana wina wochokera ku ofesi, ndiye panalibe za tiyi. Munthu amene anadinditsa makalata a komboni yonse anatuluka ndi kalata yopanda chidindo. Tinamva kuti anangoti aikona, ine ndakalamba, adzandiitaniranji, n'kukwera lole kupita kwa mwana wawo wamkazi yemwe anakwatiwa kumidzi ya ku Madziwa.

Patapita zaka mgodi unatsegulidwa ndipo ababa anaitanidwa. Ndalama ya ntchito imeneyo ndi imene inandimalizitsa sukulu, ndi imenenso inandigulira katundu woyamba wa patebulo langa. Mpaka lero ababa akakhuta n'kuyamba kukumbuka za kumgodi, amafika pa tsiku lija n'kupukusa mutu kuti nkhalamba ija inali yabwino, koma kuiwala kwake kunatsala pang'ono kutiphetsa ndi njala. Ine ndimakhala pomwepo, bambo wa ndevu zanga, wodziwika pamsika kuti pakamwa panga sipatopa, n'kumayang'ana m'kapu.

Ndinapitako kamodzi ku Madziwa, nditayamba kupeza. Ndinakonza bwino zoti ndikanene, ndipo m'mawa ndikunyamuka ndinaima patebulo langa kuti ndisankhe mpopi wokawapatsa. Ndinali ndi mitundu iwiri, wamkuwa weniweni wolemera, ndi winawu wopepuka wongopakidwa utoto wagolide, womwe timagulitsa kwa anthu othamanga. Dzanja langa linapita lokha pa wopepukawo. Ndinadziuza kuti nkhalamba ya maso akhungu, kumudzi kopanda mapaipi, isiyanitsa bwanji. Ndinawapeza atakhala pamthunzi wa khitchini yaudzu, atachepa ngati mwana, zidzukulu zikuchokera kumjigo ndi zigubu. Anandizindikira ndi mawu. Ndinagwada, ndinayamba kulankhula zomwe ndinakonza zija, koma anandidula n'kutambasula dzanja. Anauyeza mpopi uja m'chikhatho, anauponya m'mwamba kamodzi, n'kuukanda ndi chikhadabo mpaka chitsulo choyera chinaonekera pansi pa utoto.

"Mzukulu, wagula kwa ndani?"

"M'tauni, Sekuru."

"Akuberanso."

Anaseka mpaka kutsokomola, ndipo ine ndinaseka nawo chifukwa panalibe pobisala. Kenako anaitana kamdzukulu kuti kabweretse waya, n'kuumangirira mpopi uja pamzati wa khitchini, pomwe panalibe paipi ngakhale ya loto, akuti kalaliki akabwera apeze mafitingi onse alipo.

Komboni ija tsopano ili ndi anthu ena, nyumba zina anazigula, ndipo mwana wa kumeneko akalendewera pachitseko amathyola cha bambo ake, osati cha kampani. Thumba lija sindidziwa linathera kuti, ndipo sindikhulupirira kuti lero lingayende mizere itatu osapepuka, poti ambiri tinaphunzira sukulu ya wangolo uja kuposa ya a Mbewe. Ine ndinaphunzira zonse ziwiri tsiku limodzi, ndipo ndi yoyambayo imene imandidyetsa. Nditabwerako ku Madziwa ndinatenga mpopi wamkuwa uja n'kuuyika pansi pa tebulo, ndikuti mwezi ukatha ndikwera kombi ndikawapatse weniweni. Miyezi inatha yambiri, ndipo uthenga wa maliro awo unandipeza ndikunenerera mtengo wa maloko. Mpopiwo ulipobe. Makasitomala amaso akuthwa amauona n'kufunsa kuti nanga uwo bwanji, ndipo ine, amene ndingakugulitseni ngakhale mpando womwe ndakhalira, ndimaukankhira mkati ndi phazi n'kunena kuti umenewo si wanga.